Wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina

Mu Seputembala 2025 boma la America linavomereza kuti Keytruda, mankhwala a khansa omwe amalowa m'thupi ndi diripi kwa mphindi 30, azibayidwanso pansi pa khungu. Mphindi imodzi kapena ziwiri, basi, wodwala azipita. Nkhani yokoma chonchi makolo athu sakanaisiya kuti ingodutsa. Akanatsokomola kaye, kenako n'kuti walira mvula walira matope.

Mvula yake inaliridwadi. Taonani Darzalex, mankhwala a khansa yoyambira m'kati mwa mafupa. Diripi yake yoyamba inkatenga maola pafupifupi 7. Munthu kufika kuchipatala m'mawa, kuwerenga madontho mpaka dzuwa kupendeka, womudikirira atagona kale pabenchi. Mu 2020 kunabwera Darzalex wobaya pamimba, wa mphindi zitatu mpaka zisanu.

Tsono matope ndi awa. Mankhwala amtunduwu ndi mapuloteni akuluakulu, kuwameza ndi kutaya ndalama chifukwa m'mimba amangogayika. Mtsempha umalandira chilichonse chomwe mwaupatsa, koma khungu ndi laumbombo, pansi pake pamangokwana mililita imodzi kapena awiri. Ndiye akatswiri anati tichepetse madzi, mankhwala achuluke m'kadontho kochepa. Atatero mankhwalawo anayamba kunanda ngati therere. Wodwala naye safuna singano yonenepa, ndipo sindimunena. Koma bowo la singano mukalichepetsa ndi theka, mphamvu yokankhira mankhwala pa liwiro lomwelo imafunika kuwirikiza ka 16.

Pamenepa m'pomwe anthu ophunzira anachita zinthu zoti mukazifotokoza pamaliro angakuthamangitseni. Pansi pa khungu pali zolendalenda zotchedwa hyaluronan zomwe zimatsekereza madzi kuti asamwazike. Chozisungunula chake, hyaluronidase, kale madokotala ankachitenga ku ziwalo za nkhunzi ndi nkhosa zamphongo, ziwalo zija sitizitchula pali apongozi. Kampani ya Halozyme ya ku San Diego inapeza njira yochipangira mu labotale, nkhunzi n'kupumako. Amachisakaniza ndi mankhwala, chimatsegula njira, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri khungu limabwerera mwakale. N'chifukwa chake mamililita 15 a Darzalex amatha kulowa pamalo amodzi. Ena anati ayi, tipange kabokosi komata pamimba kapena pantchafu, kokhala ndi batire, kazikankha kokha pang'onopang'ono. Skyrizi, wa matenda a m'matumbo, amabwera m'kabokosi kotero, mamililita 2.4 m'mphindi zosapitirira zisanu. Munthu wamkulu, wandevu zake, kukhala chete pampando kudikira kuti kanyali ka pamimba pake kamuuze kuti watha.

Apa m'pomwe ndikusiyana nawo makolo. Iwo ankaganiza kuti wolira mvula ndi yemweyo woterereka. Kunoku wolira ndi wodwala, ndipo iye wapindula: tsiku lomwe diripi inkamudyera labwerera kwa iye, kwa ana ake, ku ntchito yake. Munthu wa khansa amadziwa kuwerenga masiku kuposa tonsefe, sindingamuseke pamenepo. Matope agwera ena. Agwera injiniya wosagona chifukwa cha bowo la singano, agweranso namwino, pakuti mamililita 15 aja salowa okha. Amawakankha ndi chala chachikulu, osathamanga, osapumira, kwinaku akumwetulira ndi kufunsa ngati ana ali bwino kunyumba. Akamaliza, pakhomo pali wina akudikira.

Ndiye mukadzaona namwino wagwira sirinji yaikulu pamimba pa m'bale wanu, nkhope ili gwa, musamufunse kuti atha liti. Musiyeni amalize, chala chikumuwawa.