Ine swiswiri, alamu anga gulugufe

Mayi a kunyumba andipatsa dzina latsopano. Ndinali nditangomaliza mtanda wachitatu wa nsima n'kufunsa ngati mumphika mwatsalako kanthu. "Abambo inu, ndinu swiswiri," anatero.

Ndinafuna kukwiya, koma mlandu unali wovuta kuukana. Swiswiri ndi kanyama kochepa kuposa mbewa, ka mphuno yosongoka, koma kamadya tizilombo usana ndi usiku, mwina kufika kulemera kwa thupi lake pa tsiku limodzi. Kakangokhala maola ochepa osadya, ndi maliro. Anyamata osaka mbewa akakapeza amakataya chifukwa cha fungo. Nkhani ya fungoyo tiisiye kaye, sopo wakwera mtengo.

Chimene chinandilasa mtima ndi china. Akuluakulu amati swiswiri akadumpha njira amafa. Ine ndinabadwira pa Mwanza pompano, Zobue ali pamphuno, malole a ku Joni amandipitirira tsiku ndi tsiku ndikugulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, koma ku Mozambique sindinapondeko. Ndikangoona wa yunifolomu pachipata, mtima umathamanga ngati wa kaswiswiri ka ku Ulaya kolemera magalamu awiri, kamene mtima wake umagunda kopitirira ka 1,000 pa mphindi.

Alamu anga ndiwo gulugufe wausiku. Sindikunena wopusa uja wodziwotcha pa koloboyi ayi, koma make wa mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinachititsa boma kulengeza za tsoka m'maboma 20 mu Disembala 2017. Kwawo ndi ku America, pasipoti alibe, koma usiku umodzi amatha kuuluka makilomita 100. Akatera m'munda amaikira mazira mazanamazana pa masamba a chimanga, basi ulendo. Alamu nawonso chimodzimodzi: amatulukira pa Khirisimasi atavala jekete yonyezimira, Januwale asanathe abwerera ku Joni, ana anayi atisiyira ife.

Ndiye kumunda mbozi zikuboola nsonga za chimanga, kunyumba ana a alamu akupisa m'mbale yanga. Dzulo ndinayesa kudziteteza. Ndinawauza mayi kuti swiswiri asamamunyoze, ndi bwenzi la mlimi, amadya mbozi.

"Ndiye pitani kumunda mukadye konko," anatero uku akuvundikira mphika.

Vuto ndi lakuti munda wathuwo uli tsidya lina la msewu.