Walanti ya a Bwana Yavuta Tawuni

Sabata ino mu Lilongwe sungadye kanyenya ku Bwandilo kapena kudikira galimoto yako ku Biwi osamva za pikapu ya bambo wina wa makontilakiti. Ofotokozawo sakugwirizana n'komwe kuti galimotoyo ndi yoyera kapena yotuwa, kaya mwini wake amakhala ku Area 47 kapena ku Area 25. Chimene onse akuvomerezana n'chakuti anaigula yatsopano, mipando idakali m'mapulasitiki, ndipo chaka chisanathe anaipititsa kwa mnyamata wina wa laputopu kuti aitsegule mphamvu. Inathamangadi. Ati pa msewu wa ku Salima inkapitirira mabasi ngati aima pa siteji. Kenako tsiku lina, ikukwera chitunda cha ku Dedza, inalavula chiutsi n'kuzima. Itakokedwa kukafika kumene anaigula, akumeneko analumikiza kompyuta yawo, n'kuwauza bwanawo mwaulemu wonse kuti injini yanoka, ndipo bilu alipira okha.

Apa ndiye tawuni yagawikana pawiri, ndipo ine ndakhala ndikumvetsera mokondwa, chifukwa sindinaonepo anthu akukangana za kapepala ka walanti ngati mmene amakanganira za Bullets ndi Wanderers.

Ku Biwi ndinapeza makaniko wachikulire, ovolo yake yakuda bii ndi oyilo, akulumbira kuti ogulitsawo angolota. Mnyamata wa laputopu uja, ati, anali atabwezeretsa pulogalamu yakale galimoto isanakokedwe, ndiye iwo anadziwa bwanji? Wophunzira wake, amene amagwira kamakina koyezera zovuta za galimoto, anaseka mpaka kutsamira tayala.

“Madala, kompyuta bokosi siiwala. Mukaikonza lero, mawa ikakuneneranibe.”

Mwanayo akunena zoona. Kompyuta za m'galimoto zambiri zamakono zimawerenga kuti zalembedwamo kangati, ndipo zimasunga zina mwa zimene injini yadutsamo. Ku Volkswagen ndi Audi kuli mpaka chizindikiro chodziwika, TD1, chimene chimaikidwa pa mbiri ya galimoto makina awo akaona kuti pulogalamu ya injini inasinthidwa. Chikalowa m'kaundula wawo, upite ku nthambi ina iliyonse, adzachipeza chikukudikira. Madala aja anapukusa mutu n'kunena kuti m'masiku a Peugeot 504 galimoto inalibe miseche.

Funso limene anthu ambiri akulumpha ndi lakuti injiniyo inaferanji. Wa laputopu sawonjezera chitsulo chilichonse. Amangouza kompyuta kuti izithira dizilo wambiri, ndi kuti turbo izikankha mpweya wochuluka. Mphamvu imabweradi, koma imabwera ndi kutentha, ndipo mapisitoni, kilatchi ndi giyabokosi zimasenza katundu amene sizinapangidwire. Taonani zimene anachita a Toyota eni ake. Hilux ya injini ya 2.8 inkatulutsa 130 kW, ndipo mu 2020 anaikweza kufika 150 kW. Sanangogofya mabatani ayi. Anaika turbo yokulirapo, anakonzanso kaziziritsidwe ka injini ndi zina zam'kati. Ngati fakitale yokhala ndi mainjiniya ankhaninkhani inaona kuti mphamvu yowonjezera ikufuna zitsulo zina, mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango angaipeze bwanji ndi kachingwe kamodzi? Pa mfundo iyi ndili mbali ya ogulitsa. Walanti ndi lonjezo lakuti fakitale ikalakwitsa, fakitaleyo ikonza. Ili ndi malire ake: ku South Africa, mwachitsanzo, Toyota imapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana. Sinalonjeze kulipira zimene wina wachita ndi manja ake.

Koma ku Bwandilo kunali achimwene ena obwera kumene kuchokera ku Joni, jekete lachikopa ngakhale kunja kukutentha, ndipo anali ndi uthenga wosangalatsa gulu. Ati kumeneko lamulo linasintha, galimoto ndi yako, uichite chimene ufuna, walanti siifa. Anthu anaombera m'manja, wina mpaka anawagulira chozizira.

Achimwenewo anamva theka la nkhani, ndipo theka limenelo ndi labwino. Kuyambira pa 1 July 2021, bungwe la Competition Commission la ku South Africa linakhazikitsa ndondomeko yakuti mwini galimoto yatsopano akhoza kukachititsa sevisi ku galaja ina iliyonse yoima payokha, ndiponso kuika zipangizo zosachokera kwa opanga galimotoyo, popanda walanti yonse kuthetsedwa. Theka linalo, limene linatsalira pa Beitbridge, ndi lakuti chipangizocho kapena makanikoyo akawononga kanthu, opanga galimoto sakakamizidwa kulipira chowonongekacho. Ku America nako kuli lamulo la Magnuson-Moss la mu 1975, limene limaletsa kampani kukana walanti chifukwa chongoti munthu waika chipangizo cha kampani ina. Kampaniyo iyenera kuonetsa kuti chipangizocho ndicho chabweretsa vutolo. Nanga injini yokankhidwa ndi laputopu n'kuphulika, kuonetsa kwake n'kovuta ngati? Bwana wathu uja akanaluza ku Johannesburg, akanaluzanso ku Detroit. Ndipo malamulo awiriwa ndi a eni ake. Kuno chimene chingakuimire poyamba ndi kabuku kaja kamene kali m'kabati ya patsogolo, kamene ambirife sitinakatsegulepo.

Oseka kwambiri pa nkhani yonseyi ndi madalaivala a Sienta. Ndinakwera ina kuchokera ku depoti, ndipo dalaivala anali akumwetulira njira yonse.

“Ankolo, ife walanti yathu inathera pa doko la Dar es Salaam. Ikangodutsa pa Songwe ndi nambala ya IT, wotsala ndi Mulungu ndi makaniko.”

Sakunama. Galimoto zambiri pa misewu yathu, ma Vitz, ma Passo, ma Note, ma Fit, zinatha zaka zake za walanti zidakali ku Japan. N'chifukwa chake anthu amazichita zimene akufuna popanda mantha. Zinapangidwira misewu yosalala, ndiye zikafika kuno n'kuyamba kukhula mimba pa mahampu ndi m'maenje a ku Area 36, mwini amathamangira kukaikweza ndi masipesa kapena kuika matayala akuluakulu. Ndani angam'dzudzule? Komatu ndinamuuza dalaivalayo kuti asaseke mopitirira. Tayala lalikulu limanamiza wotchi ya liwiro, imaonetsa pang'ono iwe ukuthamanga kwambiri, ndipo kamera ya apolisi apamsewu siimva zoti unasintha matayala. Limalemetsanso mabeyaring'i ndi ma CV. Chachikulu kuposa zonse ndi inshuwalansi. Munthu amene alibe walanti amakhalabe ndi pepala la inshuwalansi, ndipo makampaniwo amafuna kuuzidwa galimoto ikasinthidwa kwambiri. Ukabisa, tsiku la ngozi woyeza wawo akhoza kupeza chifukwa chokanira kulipira. Dalaivalayo anachepetsa wailesi, ndipo anafika pa Kanengo ali chete.

Mawu a nzeru kwambiri ndinawamva ku saluni ina ku Area 18, kumene mkazi wanga anandituma kukam'tenga ndipo ndinadikira pa benchi ola lathunthu. Amayi kumeneko nkhaniyi aitenga ngati ya m'banja. Wina ati amuna ake anadula mawaya a galimoto yatsopano kuti aike masipika aakulu ngati mbiya, ndipo tsopano magalasi amatsika okha mvula ikamagwa. Onse anagwa ndi phwete. Wina anawonjezera kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada: lero marimu, mawa ekizozi yolira ngati ndege, mkuja magetsi a buluu pansi pa galimoto, fizi ya ana ili pa ngongole.

Ndiye mayi wina wachikulire, amene ati anagwirapo ntchito mu ofesi yogula katundu, anafunsa funso limene amuna a ku Bwandilo sanalifike. Ngati munthu wadula mawaya n'kuwononga zamagetsi, akanidwe pa zamagetsizo, palibe mlandu. Koma ngati kwa munthu yemweyo utoto wayamba kusupuka, kapena pampu ya madzi yafa yokha, masipika akukhudzana nazo bwanji? Iwo ati anaonapo anthu akubwezedwa pa kauntala ndi mawu amodzi okha, akuti munaigwira, basi, ngati kugwira galimoto ndi tchimo limene limafafaniza zonse. Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Chosinthidwacho chikhudze mbali imene chakhudza, zotsalazo lonjezo liime. Ndikulakalaka kuno kwathu zitalembedwa poyera ngati mmene anachitira anzathu a kumwera, kuti wogula asamadalire nkhope ya amene wam'peza pa kauntala tsiku limenelo. Padakali pano, wokanidwa popanda chifukwa chomveka asangobwerera kunyumba kukadandaula kwa mkazi wake. Apemphe kuti kukanako kulembedwe pa pepala ndi chifukwa chake, ndipo ngati sizikumveka, bungwe la CFTC lilipo, limalandira madandaulo a ogula.

Palinso kankhani kena kamene kakuyenda m'mbali. Ati kuchotsa kachitini ka mu ekizozi, kaja kotchedwa catalytic converter, kumamasula galimoto kuti ipume bwino. Amene amakulangiza zimenezo nthawi zambiri amadziperekanso kuti akakutayire kachitiniko kwaulere. Musam'patse. M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, miyala ya mtengo wapatali, ndipo ali kale ndi wogula. Inu mudzatsala ndi nyali yachikasu pa dashibodi, utsi wonunkha, ndipo ngati galimoto ili pa walanti, chifukwa china chokanidwira.

Za chitsulo cha kutsogolo chotchedwa bull bar, anthu a ku maesiteti a fodya akuti iwo sangayende popanda icho chifukwa cha mbuzi ndi ng'ombe za mu msewu wa ku Kasungu. Ndikuwamvetsa. Koma chitsulo chowotcherera pa msika chikhoza kusokoneza nthawi imene ma airbag amayenera kufufuma, pamene ogulitsa galimoto ambiri ali ndi zawo zoyesedwa, zimene akaika okha sipakhala mkangano. N'zodula, inde. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma. Koma injini yatsopano imaluma kuposa.

Mphekesera zomaliza zimene ndamva n'zakuti pikapu ija idakali pa mawe, ikudikira injini, ndipo bwanawo akuyendera Vitz ya akazi awo, mutu ukugunda denga pa hampu iliyonse. Mnyamata wa laputopu ati foni yake sikupezeka. Madala a ku Biwi akuumirirabe kuti kompyuta ndi mfiti.

Inu amene mwagula yatsopano chaka chino, safunsa anadya phula. Sipanala isanakhudze galimotoyo, tsegulani kabuku kaja, lemberani amene anakugulitsani kuti mukufuna kuika chakutichakuti, ndipo yankho lawo mulisunge pamodzi ndi malisiti a sevisi. Auzeninso a inshuwalansi. Ngati mtima ukufunabe liwiro, dikirani walanti ithe kaye.