Safunsa Anadya Phula, Wofunsa Foni Anadya Njerwa

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthuyo anapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo pochita manyazi kufunsa kadyedwe kake, anameza uchi ndi phula lomwe. Mwambiwu ndinaumva ndili mwana, ndipo ndinausunga. N'chifukwa chake Loweruka lina, nditafuna kuphikira ana mabisiketi, ndinafunsa. Kungoti ndinafunsa foni.

Pa YouTube ndinapeza mayi wina wa ku America, wansangala, khitchini yake yowala ngati chipatala cholipira. Anati lero tiphika biscuit. Ndinatenga kope ndi cholembera ngati mwana wa Sitandade 8 mayeso atayandikira. Chimene sanandiuze n'choti kwawoko biscuit ndi mphwake wa sikono, ndipo chimene ife timati bisiketi iwo amati cookie. Ndinanyamuka kukasaka gwape ndikulondola mapazi a mbuzi.

Anati makapu awiri a fulawa. Kapu yawo ndi muyeso wodziwika, pafupifupi mamililita 240. Yanga ndi chikapu cha pulasitiki chomwera thobwa, chija mlendo amapumira kawiri asanachimalize. Anatinso baking powder. M'nyumba munali soda wa therere basi, ndiye ndinati onsewa ndi oyera, ayenera kuti ndi pachibale. Chibale chilipodi, koma cha patali. Baking powder amabwera ndi chowawasa chake m'kati, pamene soda amadikira kuti umupatse chambiko kapena mandimu. Ukamumana, amakubwezera ndi kakomedwe ka sopo. Ine ndinathira masupuni atatu odzaza, kuti zifufume msanga.

Mlandu weniweni unali pa moto. Mayiyo anati 350. Ndinayang'ana uvuni wathu, manambala athera pa 250. Mtima unandiwawa, ndinati kani tinagula uvuni wa amphawi, ndipo ndinapotokola mpaka pomwe pathera. Ndinadziwa mochedwa kuti ku America amawerenga kutentha mu Fahrenheit, ndipo 350 yawoyo kwathu kuno ndi pafupifupi 180. Pamene ndinkadziwa zimenezi, utsi unali utauza kale aneba onse.

Azakhali anga, amene anabwera kuchokera ku Dedza, anali pamkeka pakhonde nthawi yonseyi, akusenda mtedza. Sindinawafunse kanthu, poti alibe intaneti.

"Mwanawe, kodi wayamba kuotcha njerwa?"

Anadzuka, nakoleza mbaula. Ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zija tinkafuna kutaya, kamchere, kashuga, kasoda kotsina ndi zala. Anathira mumphika wopaka mafuta, makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro. Apa ndinati nthawi yomvera mwambi yakwana, ndinatsegulanso kope.

"Azakhali, ufawo mwathira wochuluka bwanji?"

"Wokwanira."

"Nanga chikhala pamoto mphindi zingati?"

"Mphuno ulibe?"

Ndinatseka kope. Mwambi uja sunatichenjeze kuti ena ukawafunsa amakuyankha chonchi. Mayi wa pafoni anandipatsa manambala onse, ine n'kuphika njerwa. Azakhali sanandipatse nambala ngakhale imodzi, koma atabaya pakati ndi kamtengo, n'kutuluka kouma, anaphula chigumu chofiirira bwino, chonunkhira mpaka kumsewu. Aneba aja amene utsi unawaitana anabwera kudzazonda ngozi, ndipo anabwerera akunyambita zala.

Ana anadya chigumu ndi tiyi, osafunsa n'komwe za mabisiketi a bambo awo. Ndinaponyera galu imodzi. Anainunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukagona kuseri kwa bafa. Ina ndinachirikizira mwendo wa tebulo umene unkagwedera kuyambira chaka chatha, ndipo tebulolo lakhazikika mpaka lero.

Zatsala 14. Amene mukumanga nyumba mundipeze, mtengo tikambirana.