Boti la pa foni

Ku Mbombwe kulibe nyanja. Madzi athu ndi a pa mjigo ndi a m'timitsinje todzaza dzinja lokha, choncho munthu akayamba kukamba zogula boti kuno, makutu amaima okha. Anga anaima tsiku lina mu Januwale, patangopita masiku ochepa chichitikireni mapemphero a pa 15 okumbukira John Chilembwe ku PIM. Alendo anali atabalalika, msewu utabwerera kwa eni ake: a kabaza, amayi a tomato ndi akuluakulu a bawo pansi pa mtengo wa mango.

Mwini nkhani anali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Joni, jekete lachikopa lili pathupi kunja kukutentha. Foni yake inkayenda m'manja mwa anthu. Pa chithunzi panali boti la matabwa la utoto wabuluu litakhala pamtunda ku doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, injini ya Yamaha itatsamira pambali.

"Akuti nditenge zonse pa theka la mtengo wa latsopano," iye anatero. "Likungofuna matabwa awiri ndi phula basi."

Malume ake, kalipentala wa zitseko ndi mabokosi amaliro, anachikulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kukhala chete kanthawi.

"Utotowu ndi wa liti?"

"Wa sabata yatha, amalume. Mwini wake ndi waukhondo."

"Ine ndikapaka utoto thabwa ndisanaligulitse, ndimadziwa chimene ndikubisa."

Anthu anaseka, koma mkuluyo sankacheza. Anatulutsa msomali m'thumba la ovolosi n'kuyamba kubaya benchi imene anakhalapo, kuonetsa muphwa wakeyo mmene amafunsira thabwa. Ukabaya msomali n'kulowa wosalimbana nawo, thabwalo linaola kale. Ukagogoda ndi hamala, lamoyo limayankha mokweza, lofumbwa limangoti phu. Ndipo pobaya si m'mbali moonekera alendo ayi, koma pansi, pa msana wa boti ndi pamene nthiti zakumana ndi msanawo, chifukwa m'pamene madzi amagona. Matabwa a m'mbali umasintha limodzilimodzi. Msana ukaola, wagula nkhuni. Anafunsanso kuti mtengo wake ndi wanji. Mlombwa umapirira madzi zaka zambiri, koma wasowa ndipo wakwera mtengo, moti amisiri ena akhomera paini, amene m'madzi sachedwa kufooka. Mnyamatayo sankadziwa. Pa chithunzi mtengo uliwonse ndi wabuluu.

"Nanga lakhala pamtunda nthawi yaitali bwanji?" anafunsa mkulu wina wa pa bawo, osadzutsa mutu. Ameneyu anakokako khoka ku Chilwa ali mnyamata. Anati boti likakhalitsa padzuwa matabwa amafota, mipata n'kutseguka, thonje ndi phula zimene anamatira n'kugwa. Madzi a Chilwa ndi amchere, pakuti nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye misomali imadyeka ndi dzimbiri mkati mwa thabwa mutu wake ukuonekabe bwinobwino. Njira yake ndi imodzi: aliike m'madzi madzulo, ulikape mpaka liume, ubwere m'mawa udzaone madzi amene lamwa usiku.

Za injini anakamba ndi wa kabaza wa njinga yamoto, amene amadziwa kulira kwa thumba. Anati ailize ili yozizira, osati wogulitsa ataitenthetsa kale. Aone ngati ikutulutsa madzi oziziritsa, ndipo atsegule oilo wa kumunsi kwa chopalasira. Akapezeka wotuwa ngati mkaka, madzi analowa. Zipangizo zake zonse n'zochokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachitsulo kokwana m'dzanja kamadya ndalama ya thumba la chimanga. Osanena za petulo, amene akasowa ngakhale galimoto za m'tauni zimagona pa mzere.

Mnyamatayo sanagonje. Anati onsewo akungoona zoipa, chonsecho mwina wogulitsayo yangomupana ndi njala. Apa ndinamuvomereza chamumtima. Kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi wa makoka pa Chilwa kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi yomweyo ndi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, feteleza akufunika, fizi ikudikira. Msodzi amatha kugulitsa boti labwinobwino mu Januwale. Kutchipa kokha si umboni woti laola.

Koma mkulu wa bawo uja anali asanamalize. Anasiya njombwa n'kutembenuka.

"Mwana wanga, ine ndinayenda wapansi pamene lero akupalasa. Mu 1995. Fumbi lokhalokha, mabwato ali gada pa matope ong'aluka."

Zimenezi si nthano. Chilwa ndi nyanja yosaya, yodalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Namadzi wathu yemweyu, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dambo louma, anthu a pa chilumba cha Chisi n'kumavutika kufika ku Kachulu. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe anatisiyira maliro ambiri kuno ku Chiradzulu, ndi amene anaidzazanso kwambiri. Madzi akachuluka matemba, makumba ndi milamba zimabwerera, boti n'kumalipira mwini wake. Akaphwa, boti silinyamulika pamutu kupita nalo ku Mangochi. Ngakhale pamene madzi alipo, malo ambiri ndi osaya ndi odzaza zomera, moti asodzi amakankha maboti ndi nsungwi zazitali, injini yodulayo ili phee.

Mayi wina wogulitsa matemba ouma pa mulu, amene amakapikula yekha ku nyanjako, anali akumvetsera uku akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Analankhula mosakweza mawu.

"Achimwene, inu muzikagona ku Kachulu?"

"Ayi mayi, ndili ndi anyamata. Ine ndizikhala konkuno, azinditumizira pa foni."

"Ndiye ndizikugulani ine nsomba zanuzo, inu osadziwa."

Anafotokoza mosabisa. Asodzi ambiri amakhala masabata pa zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja, ndipo nsomba zimatha kugulitsidwa konko zisanaone doko. Mwini boti wakutali amangolandira mafoni awiri: yoti lero sizinaphedwe, ndi yoti ukonde wang'ambika tumizani ndalama. Ufa ndi wako, petulo ndi wako, layisensi ya ku Dipatimenti ya Usodzi ndi yako, za komiti ya pa doko ndi zako. Anati eni maboti amene iye wawaona akutukuka ndi okhawo amene amadzuka m'bandakucha kukaima pa doko boti likamakocheza.

Kwa ine, mawu olemera pa tsikulo anali amenewa. Thabwa loola kalipentala alipeza ndi msomali, injini makaniko aimva ndi khutu. Koma kuchoka ku Mbombwe kukafika ku Kachulu ndi ulendo wa minibasi mpaka Zomba, kenako ina yotsikira ku nyanja, ndipo palibe mmisiri amene angafupikitse mtunda umenewo.

Malume aja anauza muphwa wawo kuti aimbe foni pompo, aike pokweza, apemphe zoliika m'madzi usiku umodzi. Inaitana kanthawi. Wogulitsayo anayankha mwansangala, nati palibe vuto, kungoti adikire kaye mpaka Loweruka, chifukwa kiyi wa nyumba mmene muli injini ali ndi alamu ake.

"Alamu anu akukhudzidwa bwanji?" anafunsa malumewo, ataweramira pa foni.

"Botili linali la malemu achimwene. Koma musadandaule, akazi awo tikambirana nawo."

Malumewo anabweza foni kwa mwini wake, nati Loweruka apita limodzi, koma asanakhudze thabwa lililonse akayambira kwa mayi wamasiyeyo ndi kwa amfumu. Ya minibasi alipira ndi muphwa.