Nkhono ya pa Seva

Agogo anga ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndili mwana ndinkadabwa kuti munthu wanzeru zake angafunenji maso a nkhono. Ndinadzamvetsa nditakula, tsiku lina masana pakhonde la sitolo pa Phalula, laputopu ili pamiyendo, thukuta lili kamukamu, malole akudutsa mumsewu wa M1 kulowera ku Zalewa.

Ntchito yanga inali yokopera database yonse pa seva ina ya ku Blantyre. Seva ilibe tizithunzi todina. Umalowamo ndi ssh n'kupeza mdima wokhawokha, ngati m'nkhokwe. Ndinalemba lamulo, kumapeto n'kuika chizindikiro cha &, kuti ntchitoyo izichitikira kuseri ine ndikuchita zina. Seva inandipatsa nambala ya ntchitoyo, kenako zii.

Mphindi zisanu, zii. Mphindi khumi, zii. Mtima unayamba kundinong'oneza kuti chinthuchi chafa. Ndinatenga nkhwangwa yaikulu ya pa Linux, kill -9, n'kudula. Nditasuzumira fayilo, ndinapeza kuti inali itatsala pang'ono kutha. Nkhono ndinaigogoda ndekha, n'kumadandaula kuti yabisa maso.

Chikhala kuti ndinafunsa ootcha makala amene matumba awo amandandalika m'mbali mwa msewu uno, akanandiseka. Iwo akakwirira uvuni ndi dothi, safukula kuti aone ngati moto ukadalipo, chifukwa mpweya ukalowa amakolola phulusa. Amawerenga utsi. Woyera wochuluka ndiye kuti nkhuni zikutaya madzi. Ukapyapyala n'kuyamba kubiriwira, makala ayandikira. Seva nayo ili ndi utsi wake, umene timautcha log. Ukalemba tail -f ndi dzina la fayiloyo, mizere imatuluka payokha, umodziumodzi, ndipo umadziwa kuti m'katimo muli moyo.

Zida zina zoonera zilipo, koma chilichonse chili ndi khalidwe lake. Lamulo la jobs ndi kholo lodziwa ana a m'nyumba mwake okha. Ukatuluka n'kulowanso ndi ssh, limakuyang'ana ngati mlendo, silitchula ndi mwana mmodzi yemwe. La ps limadziwa mudzi wonse, koma ukalisefa ndi grep umapeza mzere umodzi n'kusangalala kuti ntchito ili moyo, pomwe mzerewo ndi grep yemweyo, mlonda wothamangitsa wakuba n'kugwira mthunzi wake womwe.

La top ndiye kaundula wa amfumu, aliyense ndi chilembo chake. R ali pa ntchito. S wagona podikira kuitanidwa. D akudikira disiki, ndipo ameneyu ngakhale nkhwangwa ija samva msanga. Z ndi ndondocha: inafa kale, sungaiphenso, ingokhala m'kaundulamo mpaka kholo lake lidzavomereze maliro. Amene amati makompyuta alibe zaufiti sanatsegulepo top.

Palinso netiweki, imene imatha kuthawa mtambo ukangodutsa. Ikaduka, ssh imaduka, ndipo ntchito zako zimalandira uthenga wotchedwa SIGHUP, dzina lochokera m'masiku amene kompyuta inkalumikizidwa pa lamya ya mawaya. Uthengawo umati mwini wachoka, ndipo ntchito zimafera pomwepo. Mankhwala ake ndi kuyamba lamulo ndi nohup, kapena kugwirira ntchito m'kati mwa tmux, momwe umasiya mphika pamoto n'kudzaupeza ukuwirabe. Ndipo ngati kupha kuli kofunikadi, kill wamba amayamba wanena odi, kuti ntchito ilongedze katundu wake bwinobwino. Wa -9 amathyola chitseko.

Komatu mwambiwu ena amaumva theka. Mnzanga wina anadekha masiku atatu athunthu, akuyamikira yekha mtima wake woleza. Tsiku lachinayi atatsegula top anapeza chilembo T. Ntchito inali itaima pa mphindi yoyamba, ikudikira kuti wina alembe password. Agogo anati kuona, ndiye kuti maso ako ayenera kukhala pa nkhonopo. Wodekha chogona amadzuka n'kupeza chigoba chokha.

Ulendo wachiwiri ndinayambitsa ntchito ija m'kati mwa tmux, ndinatsegula log, n'kugula botolo la thobwa. Mizere inkatuluka pang'onopang'ono, ine manja ndinawakhalira. Mayi wogulitsa thobwa anasuzumira pa laputopu kangapo, kenako anafunsa:

"Achimwene, filimu yanji imeneyi yopanda anthu?"

"Ndikudikira nkhono itulutse maso, mayi."

Anandiyang'ana, anayang'ananso botolo langa limene linali litatha.

"Ndiye mutengenso lina. Nkhono za kuno sizifulumira."