Galimoto ya malungo

Mwezi wa Okutobala ukafika, oyendetsa galimoto mumsewu wa Chipembere amagawika pawiri. Pali a chigongono panja, amene amadalira mphepo yaulere ya Chauta, ndiye pali otseka mawindo, amene nkhope zawo sizidziwa thukuta. Ine ndakhala nthawi yaitali m'gulu lachitatu limene kalembera wa boma sanalifikire: mawindo otseka, eyakoni yozima, malaya onyowa mpaka pa lamba. Wondionera kunja ankati bwana uyo akudutsa. Mkatimo bwanayo akuwira.

Si kuti eyakoni inali yakufa, ayi. Mpweya inkatulutsa wozizira bwinobwino. Mlandu unali wakuti ikangoyaka, injini inkafooka mawondo. Kagalimoto kangaka n'ka masilinda atatu, injini ya lita imodzi, ndipo kanatsika sitima pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe katatumikira kale eni ake ku Japan mpaka kutopa. Mpaka lero ndikangoliza, mayi wina wa m'dashibodi amandilankhula Chijapani. Akuti amafunsa za khadi lolipirira misewu ya kwawoko. Ine ndimangoyankha kuti tadzuka, kaya inu. Wailesi yake imathera pa 90, moti mapulogalamu ambiri ndimawamvera m'minibasi ikamandipitirira. Zonsezi ndinazilandira ndi manja awiri.

Pamsewu wotakasuka kankayenda ngati kalibe mlandu. Koma ndikaima pa maloboti, giya ili pa D, phazi pa buleki, n'kudina batani la eyakoni, singano ya injini imene imakhala cha pa 750 inkagwa mpaka pa 500, tsiku lina kutsikirapo. Chiwongolero gwedegwede. Galasi loonera kumbuyo linkandionetsa minibasi zitatu pomwe ilipo imodzi. Masiliva a m'kabokosi ankayamba kwaya. Zikavuta kwambiri injini inkangoti zii, ndipo kondakitala wa kumbuyo ankandifotokozera mbiri ya makolo anga kuyambira kuchimuna mpaka kuchikazi.

Munthu akavutika amatulukira luso. Ndikaona loboti yafiira, ndinkaika giya pa N, phazi lamanzere pa buleki, lamanja kuponda moto pang'onopang'ono kuti singano isagone. Anyamata a kabaza ankayesa ndikuwaputa mpikisano. Ikangoti biriwiri, iwo fwee, ine ndikufunafuna D.

Manyazi enieni ndinawaona tsiku limene ndinanyamula apongozi aakazi kupita nawo ku Chikwawa. Amene anatsikapo phiri lija kulowera kuchigwa cha Shire mwezi umenewu akudziwa kuti kumeneko kutentha kumadutsa madigiri 40 popanda kupepesa. Mkamwini wanzeru sangawotche apongozi, ndiye ndinadina batani. Titaima pa chipata cha apolisi, galimoto yonse inayamba kunjenjemera, dengu la tomato kumbuyo likuvina. Apongozi, monga mwa mwambo, sanandiyang'ane. Anatembenukira mwana wawo.

"Tawafunsa amuna akowa, galimotoyi ili ndi malungo?"

"Auzeni amayi kuti za ku Japan zimatero zikaona dzuwa," ndinayankha, maso ali pa singano.

Malangizo sasowa m'dziko muno, makamaka pamzere wa mafuta pomwe aliyense ali ndi nthawi. Wina anati ndi petulo wa m'zigubu. Wina anati batire. Bambo wina wa jekete anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndifufuze kumudzi, chifukwa si onse amene anakondwa nditagula galimoto. Alamu anga, amene amadziwa chilichonse kupatula kubweza ngongole, anati pali kasikuluwu kamodzi kongofunika kupotokola. Iwowa yawo anakaithiritsa gasi wowonjezera kwa mnyamata wopanda geji, woyeza ndi chikhatho pa mphepo. Kuyambira tsikulo yawo imanjenjemera kuposa yanga, chifukwa gasi akachuluka mopitirira muyeso kompuresa imalemera kuizunguza.

Amene anandithandiza ndi makaniko wina wa pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande, wa ovolo imene mtundu wake woyamba anauiwala ndi mwini yemwe. Sanathamangire sipanala. Anati tidikire injini itenthe kaye, poti yozizira imadzikweza yokha kupitirira 1,000 ndipo imanamiza.

"Madala, tadinani."

Ndinadina. Pansi pa boneti panamveka kuti tcha!

"Mwamva? Kompuresa yagwira. Imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, ndiye kuyambira pano injini yanyamula katundu wina. Fani nayo yayaka, ikukoka magetsi, alternator yalemera. Zonsezo pa masilinda atatu."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti kanabadwa choncho. Anapukusa mutu. Opanga galimoto anazidziwa kale zimenezi. Eyakoni ikayaka, kompyuta ya galimoto imayenera kuwonjezera mpweya ndi mafuta pang'ono, singano n'kutsika kamphindi kenaka n'kubwerera, mwinanso kukwererapo cha ku 800 kapena 900. Galimoto zakalepo zili ndi kavalavu kake ka ntchito imeneyi, idle air control, pomwe zatsopanopo zili ndi kamota kamene kamatsegula chitseko cha throttle body. Injini ikangolira osapondedwa moto imapumira pa kampata kochepa zedi. Kampatako kakadzaza mwaye, kompyuta imalamula, mpweya osadutsa.

Chimene ndinamukondera mkuluyu n'chakuti anayambira zotchipa. Anasuzumira kondensa, ija imakhala kutsogolo kwa rediyeta, n'kuzulamo ziwala zouma, nthenga ndi jumbo ya buluu. Ikatsekeka chonchi siizizira, mphamvu ya gasi imakwera, kompuresa n'kumalimbana ndi injini. Anaona kuti fani ikuzungulira, anadina lamba ndi chala, kenaka anasolola sefa ya mpweya. Ataigogoda pa tayala, fumbi linatikuta tonse awiri.

"Madala, munda uwu munaulembetsa makuponi a feteleza?"

Anyamata ake anaseka mpaka wina kugwetsa jeke. Ine ndinaseka nawo, poti munthu wogwira boneti yako sukangana naye.

Atamasula payipi yaikulu, throttle body inaoneka. Mkati mwake munali bii, phula lakuda lonata, lochokera ku nthunzi ya oyilo yosakanikirana ndi fumbi la m'misewu yathu. Anaipopera mankhwala a m'chitini, n'kuipukuta mofatsa ndi kasanza ndi mswachi wakale, kasanza kakuda, wina, kakudanso. Za kasikuluwu ka alamu anga anati ndisayerekeze. Zimenezo zinali za nthawi ya kabuleta. Pa galimoto ya kompyuta kameneko anakamanga kufakitale, ndipo ukakapotokola umabisa matenda n'kusokoneza kompyutayo.

Ndinafunsa kuti nanga zikapanda kutheka? Anawerenga pa zala zakuda: mapulagi otha, kapayipi kong'ambika koyamwa mpweya wakuba, mphira zimene injini imakhalira zikaphwasuka (izi singano sizitsitsa, koma kunjenjemera konse zimakubweretsera pampando), ndipo kumapeto kompuresa yeniyeniyo ikayamba kukakamira mkati. Atatchula mtengo wa kompuresa, galimoto inali yozima koma chiwongolero chinagwedezeka. Ndinali nditachigwira ndine.

Chomaliza ndicho chinandipweteka. Anati kompyuta inazolowera kupumira pa mwaye, ndiye iyenera kuphunziranso. Galimoto zina zimafuna kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, zina zimaphunzira zokha. Yangayi anaichotsa batire kanthawi, n'kubwezera, n'kuiliza kuti ingolira pamalo amodzi, poyamba eyakoni yozima, kenaka yoyaka. Petulo amene ndinamugonera pamzere, wolumidwa naye ndi udzudzu, ankapsa galimoto isakupita kulikonse. Makaniko ankayang'ana singano ya injini, ine ya mafuta. Ndinafunsa ngati singaphunzire ili yozima. Anati ngakhale mwana wa sukulu amadya kaye phala.

Koma inaphunziradi. Tcha! Singano inagwada pang'ono, n'kudzuka, n'kuima nji. Masiliva m'kabokosi chete. Ndinalipira mosanyinyirika kwambiri, ndipo sefa yatsopano ndinagula pa Limbe tsiku lomwelo.

Loweruka lotsatira ndinadzipereka ndekha kukatenga apongozi, chinthu chimene mayi a kunyumba anachiona ngati chozizwitsa. Tinatseka mawindo onse. Pa chipata cha apolisi paja ndinaima monyadira, giya pa D, eyakoni pa nambala yomaliza, galimoto ili phee. Ndinadikira mawu oyamikira. Pagalasi ndinaona apongozi akumasula chitenje chachiwiri m'chikwama n'kudzifunditsa mpaka m'makutu. Anayetsemula kawiri, n'kutembenukira mwana wawo.

"Uwauze amuna akowa azimitse chimphepo chawochi, chindipatsa chifuwa. Atsegule windo."