Mmene Mungawonongere Tsiku la Banja ku Mapiri a Dedza

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza pali makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Kumeneko kuli phiri lotalika mamita 2,198, mapanga okhala ndi zojambula za makolo, mitsinje ya madzi ozizira, misika ya mbatatesi ndi kabichi, komanso midzi yomwe anthu ake amalandira mlendo ndi manja awiri. Zambiri mwa izi sizifuna tikiti. Banja lomwe lapeza ya thiransipoti ndi kamba wa panjira likhoza kukhala ndi tsiku lomwe ana adzalikumbuka mpaka atakula. Koma mabanja ena amabwerako ana akulira, makolo atakwiyirana, ndipo kumene achokako anthu akung'ung'udza. Zimenezi sizichitika mwangozi. Zili ndi njira yake, ndipo ndaiyala pano mwatsatanetsatane kuti kholo lililonse liidziwe bwino.

Choyamba: nyamukani dzuwa litakwera

Musagwirizane chilichonse usiku wake. Za kopita mukangane muli kale pakhomo, ndipo pa depoti mukafike cha m'ma 11 koloko. Minibasi idzadikira kuti idzaze, idzaima paliponse kutsitsa ndi kukweza, ndipo ku Dedza mudzafika nthawi yomwe anzanu akutsika phiri. Ana muwaveke zovala za ku tchalitchi ndi nsapato zatsopano zomwe sanazizolowere, kenaka muziwakalipira akakhala pa mwala. Majuzi muwasiye. Tauni ya Dedza ili pamtunda kuposa matauni ena onse m'dziko muno, ndipo mu Juni ndi Julayi mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Mwana amene akunjenjemera, chidendene chili ndi thuza, saona kukongola kwa phiri, amangofunsa kuti, "Amayi, tibwerera nthawi yanji?" Ngati ndi m'dzinja, mitambo musaiyang'ane. Mvula ya masana idzadzaza kamtsinje komwe munawoloka polumpha miyala, inu muli tsidya lina.

Chachiwiri: musatenge kamba

Mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, botolo la thobwa ndi madzi akumwa, zonsezi zitsale kunyumba. Njala ikapweteka muzigula mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo pa golosale iliyonse, ndipo pofika madzulo ulendowo udzakhala utadya ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Mukapitirira mpaka pa msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu, pomwe msewu umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, nenererani mpaka mayi wogulitsa tomato agonje. Iye wasenza dengu kuchokera kudimba mbandakucha, ndipo mbewuzo wazithirira ndi ndowa kwa miyezi. Ana anu aone kuti inu, amene mumalipira mwakachetechete mtengo uliwonse wolembedwa m'sitolo ya m'tauni, mumauma mtima mukapeza wogulitsa atakhala pa fumbi.

Chachitatu: lowani m'mudzi ngati mulibe eni

Ngati mwabwera pa galimoto, iimikeni m'munda mwa munthu, pamwamba pa mizere. Pakhomo la munthu musanene odi. Mukakumana ndi agogo akuchokera kotunga madzi, musaime n'kuwalonjera kuti, "Mwaswera bwanji, agogo?" Ingofuulani muli chiyendere kuti phanga lili kuti. Kwa amfumu musapiteko, ngakhale mutabwera gulu lalikulu lomwe mudzi wonse ukuliona.

Pofuna mthunzi wodyerapo, sankhani kankhalango ka mitengo ikuluikulu komwe katsala kokha pakati pa minda. M'midzi ya Achewa malo otere nthawi zambiri amakhala manda, ndipo mitengoyo yakula chifukwa palibe amene amaidula mwachisawawa. Kufupi komweko kumakhalanso dambwe, komwe munthu wosalowa gule safikako. Yalani chitenje, ana athamangitsane pa mitumbira, ndipo tsiku lanu lidzathera pabwalo la mfumu mukumva za chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso limodzi kwa munthu woyamba kukumana naye likanakupulumutsani, choncho wofuna kuwononga tsiku asafunse.

Chachinayi: ku Chongoni, gwirani chilichonse

Apa ndi pomwe banja limodzi lingawononge chinthu chomwe sichidzabwereranso. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pa miyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, za mizere, timadontho ndi zozungulira, anazisiya Akafula, alenje omwe ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za Achewa alimi, omwe ankapaka dothi loyera ndi zala. Zina zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo inayi ndipo zinkagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, zina ndi za zinyau.

Mukafika pansi pa thanthwe, sisitani chojambula ndi dzanja, ndipo ana onse achite chimodzimodzi. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimatsala pa mwala, ndipo dothi louma limanyotsoka pang'onopang'ono. Mukaona kuti mtundu wazilala, thirani madzi kuti uoneke bwino pa chithunzi; madziwo adzatsetsereka atayera, atatenga gawo la mwendo wa nyama ija. Patsani mwana wanu khala alembe dzina lake ndi chaka pafupi ndi chojambula. Kukazizira, kolezani moto m'phangamo kuti mwaye uphimbe zomwe zatsala. Zojambulazi zapirira mvula ndi dzuwa kwa zaka mazana ambiri chifukwa thanthwe linazitchinjiriza, koma ku dzanja la mlendo thanthwe silingazitchinjirize. Ana a sukulu omwe adzabwere ndi aphunzitsi awo sabata yamawa adzapeza dzina la mwana wanu pomwe panali uthenga wa makolo awo.

Chachisanu: gule mumutenge ngati sewero lanu

Anthu akakolola, komanso pa maliro, pa ziliza ndi polonga mfumu, gule wamkulu amatuluka. UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu onse. Mukamva ng'oma, lowani pakati pa bwalo, lozetsani foni kumaso kwa chilombo, ndipo musafunse akuluakulu ngati kujambula n'kololedwa. Mukakumana naye panjira musapatuke. Sekani mokweza, ana aziloza ndi zala, ndipo nthawi yosupa ikafika manja anu akhale m'thumba. Mwambowo eni ake sanaukonzere inu, ndipo nthawi zina amayi omwe akuimba ndi kuomba m'manjawo ndi anamfedwa. Mudzachoka mutawalasa mtima osadziwa.

Chachisanu ndi chimodzi: madzi, moto ndi zinyalala

Ana asambe m'dziwe la madzi osayenda, lomwe m'mbali mwake muli udzu. Mmenemo mumakhala tinkhono tofalitsa likodzo, ndipo patapita miyezi ingapo mwana akhoza kuyamba kukodza magazi, inu mutaiwala kale za ulendowo. Mango ndi mapichesi a m'mbali mwa njira thyolani osapempha, ngakhale mwini wake akanakudzazirani thumba mukanangonena. Mukaotcha chimanga, moto muusiye ukunyeka. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tchire limakhala louma, ndipo khala limodzi likakumana ndi mphepo ya kuphiri limapsereza udzu womwe mudzi wonse umadalira pofolera nyumba, pamodzi ndi mitengo ya paini yomwe yatenga zaka kuti ikule. Majumbo ndi mabotolo muwasiye pomwe mwadyerapo. Mbuzi ikameza majumbo imaonda mpaka kufa, ndipo mbuzi imeneyo mwina ndi yomwe mwini wake ankafuna kugulitsa kuti alipire fizi ya mwana.

Chomaliza: thupi likhale ku phiri, mtima ukhale pa foni

Mwana akakukokani malaya kuti, "Ababa, taonani!" akuloza birimankhwe amene akuyenda monyang'wa pa nthambi, yankhani kuti dikira kaye, maso ali pa WhatsApp. Akafunsa dzina la mtengo, nenani kuti ndi mtengo basi. Akafuna kukhala pa mwala n'kumaponya timiyala m'madzi, mufulumizitseni, poti chithunzi mwajambula kale. Ngati mwatenga agogo ake, musawapatse mpata wofotokoza momwe ankatolera masuku kapena momwe ankadziwira bowa wodyedwa ndi wakupha. Motero mwana adzabwerera kunyumba osadziwa kanthu katsopano, ndipo ulendo wina mukadzamuitana adzasankha kutsala pa wailesi yakanema.

Mnyamata wa m'mudzi amene wasiya ntchito zake n'kukuperekezani masana onse, wakusonyezani kanjira kachidule ndi kunyamula mwana wanu wamng'ono potsetsereka, mumusiye ndi zikomo wouma. Mumuuze kuti munamva zoti malowa ndi aulere. Banja lotsatira likadzafika, iye adzangoliyang'ana likusochera.

Njira zonsezi zimachokera pa ganizo limodzi, loti chinthu chosalipiritsa chilibe mwini. Phiri, phanga, mtsinje ndi mthunzi zili ndi eni ake, amoyo ndi omwe anagona, ndipo amatilola kufikako popanda kutitambasulira dzanja. M'nthawi ino yomwe ndalama ikuvuta, chisomo chimenechi n'chachikulu kwa banja lomwe silingakwanitse hotela ya kunyanja, ndipo zimandipweteka kuona tikuchitaya ndi manja athu. Mudzi ukakhumudwa kangapo umatseka njira, ndipo oyamba kuluza ndi ana a anthu osauka.

Makolo anzanga, nyamukani m'mawa, tengani kamba ndi majuzi, lonjerani aliyense, funsani musanakhale pansi, zojambula muzione ndi maso okha, zimitsani moto, nyamulani zinyalala zanu, ndipo wokuperekezani mumupatse kangachepe. Ana anu akukuonani, ndipo momwe muchitire ndi mudzi wa eni lero ndi momwe iwo adzachitire ndi dziko lawo akadzakula.